Wosewera Akadwala Chifuwa: Momwe Mungadziwire Kuti Zafika Poopsa

Mu 1919 mpikisano wa Stanley Cup, chikho chachikulu cha hockey ya pamadzi oundana ku North America, unathera panjira wopanda mwini. Montreal Canadiens ndi Seattle Metropolitans anali atakumana kasanu, koma masewera omaliza sanachitike chifukwa osewera ambiri a Montreal anali gone ndi fuluwenza. Mmodzi wa iwo, Joe Hall, yemwe ankadziwika ndi ukali pabwalo, anamwalira ndi chibayo m'chipatala ku Seattle pa 5 Epulo, patangopita masiku ochepa chichokereni m'bwalo. Goloboyi wa timu yomweyo, Georges Vézina, anasewera masewera oposa 300 motsatizana osajomba, mpaka tsiku lomwe anagwa pagolo mu Novembala 1925 thupi lili moto. Madokotala anapeza chifuwa chachikulu chitamudya kale, ndipo anamwalira mu Malichi 1926.

Wina anganene kuti izo n'zakale, mankhwala amphamvu asanabwere. Koma Jerome Kersey, yemwe anasewera basketball mu NBA, ligi yaikulu ya ku America, kwa zaka 17, anamwalira mu Febuluwale 2015 ali ndi zaka 52, magazi oundana atachoka m'mwendo n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo, masiku ochepa atachitidwa opaleshoni ya bondo. Muhammad Ali anagonekedwa m'chipatala mu 2016 ndi vuto la kupuma, ndipo chomwe chinamutenga pa 3 Juni chinali sepsis, matenda atafalikira thupi lonse.

Thupi lolimba silitchinga matendawa, ndipo nthawi zambiri limawabisa. Wothamanga wozolowera mtima wake umagunda ka 50 pa mphindi akakhala phee. Ukafika pa 85, aliyense womuyeza anena kuti zili bwino, chikhalirecho mtimawo wakwera ndi 35. Mapapo ake ali ndi mphamvu zapadera, moti mbali ina ikadzaza mafinya iye amayendabe, kuseka ndi kukwera masitepe. Achinyamata amphamvu amasunganso BP yawo pamalo abwino mpaka mochedwa kwambiri, kenaka imangogwa kamodzi n'kamodzi. Onjezanipo kuti wosewera anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kupirira ululu, komanso akuopa kuti akapuma malo ake m'timu atenga wina. N'chifukwa chake funso lakuti "ukumva bwanji?" silokwanira. Pamafunika kuyeza.

Lembani manambala anu muli bwinobwino

Pakufunika zinthu zitatu: wotchi, choyezera kutentha kwa thupi, ndi kachipangizo kopanira pachala kotchedwa pulse oximeter, komwe kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi.

Kugunda kwa mtima muziwerenga m'mawa mutangodzuka, musanatsike pabedi, kwa masiku 7 otsatizana. Ikani zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, ndipo werengani mphindi yathunthu. Musagwiritse ntchito chala chachikulucho, chifukwa nacho chimagunda pachokha. Nambala yapakatikati pa masiku amenewo ndiyo yanu. Tsiku lomwe yakwera ndi 10 kapena kuposa popanda chifukwa chodziwika, thupi likulimbana ndi china chake.

Kupuma ndiko anthu ambiri sawerenga, koma ndiko kumayamba kusintha matenda akalowa m'mapapo. Munthu wamkulu wopanda vuto amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Wodwalayo akhale pansi mphindi 5, kenaka muwerenge kukwera kwa chifuwa chake masekondi 60 onse. Musamuuze kuti mukuwerenga, apo ayi asintha kapumidwe osadziwa. Njira yosavuta ndi kumugwira pamkono ngati mukumvera mtima, maso ali pachifuwa. Kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi kumasocheretsa: mukaphonya kupuma kumodzi, mwaphonya 4.

Pulse oximeter imaonetsa 95 mpaka 100 kwa munthu wabwinobwino, ngakhale kumalo okwera kwambiri imatsikirapo pang'ono. Imanama chala chikazizira, munthu akamanjenjemera, kapena pachikhadabo pakakhala utoto. Fundititsani dzanja, likhazikeni pachifuwa osagwedeza, dikirani mphindi imodzi kuti nambala ikhazikike. Dziwaninso kuti pa anthu a khungu lakuda zipangizozi zimatha kuonetsa nambala yokwererapo kuposa yeniyeni. Choncho ngati kachipangizo kakuti 95 koma munthu akulephera kumaliza chiganizo, khulupirirani munthuyo.

Lero asewere kapena ayi?

Madokotala a zamasewera ali ndi lamulo losavuta loyang'ana khosi. Ngati zizindikiro zonse zili pamwamba pa khosi, monga mamina, kuyetsemula ndi kukanda pang'ono kukhosi, munthu angathe kuyesa zokonzekera zopepuka kwa mphindi 10. Akamva bwino apitirize mosadzipanikiza, zikamukulira asiye. Koma zikatsikira pansi pa khosi, ndiye kuti chifuwa cha makhololo, kubanika, kuphwanya m'thupi, kutsegula m'mimba, kuzizidwa, kapena thupi kutentha kufika 38°C, palibe kuthamanga, palibe kunyamula zitsulo, palibe mpikisano.

Maganizo akuti chimfine chimatha munthu akatulutsa thukuta pabwalo ndi olakwika ndiponso oopsa. Thupi likatentha limataya madzi msanga ndipo limalephera kudziziziritsa. Choopsa kwambiri chili mumtima. Mavairasi omwewo obweretsa chimfine, fuluwenza ndi COVID-19 amatha kutupitsa mnofu wa mtima, matenda otchedwa myocarditis, ndipo mtima wotupa ukapanikizidwa umatha kusokonekera kagundidwe n'kuima. Ili ndi limodzi mwa mavuto odziwika omwe amapha osewera achinyamata mwadzidzidzi. Zizindikiro zake ndi kupweteka pachifuwa, mtima kudumphadumpha kapena kuthamanga munthu atakhala, phuma pantchito yomwe kale inali yopepuka, ndi chizungulire, makamaka m'masabata otsatira chimfine. Kuchipatala amayeza kagundidwe ka mtima ndi makina a ECG, amatenga magazi kuti aone troponin, yomwe imakwera mnofu wa mtima ukawonongeka, ndipo amajambula mtima. Akaupeza, lamulo ndi kusiya masewera miyezi 3 mpaka 6. Alphonso Davies wa Bayern Munich anapezeka nawo mu Januwale 2022 atadwala COVID-19, anapuma pafupifupi miyezi itatu, n'kubwerera pabwalo bwinobwino.

Chenjerani ndi paracetamol. Ndi wabwino pochepetsa ululu, 1 g maola 6 aliwonse kwa wamkulu, osapitirira 4 g pa maola 24, koma amabisa kutentha kwa thupi. Wosewera womwa mapiritsi awiri m'mawa kuti adutse pa choyezera sanachire, wangozimitsa chenjezo. Muyezeni asanamwe, kapena patapita maola 6 chimwereni.

Zomwe sizidikira kuti kuche

Chibayo chimalowa mu timatumba tating'onoting'ono ta m'mapapo momwe mpweya umakumana ndi magazi. Timatumbato tikadzaza madzi ndi mafinya, mbali imeneyo ya phapo imakhala ngati siponji yonyowa: magazi amadutsa koma satengapo okosijeni. Thupi limayesa kubweza pofulumizitsa kupuma ndi mtima. Tizilomboto tikapitirira, chitetezo cha thupi chimalusa mopyola muyeso n'kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe, impso, chiwindi, ubongo. Ndiyo sepsis imeneyo, ndipo imatha kupha m'maola owerengeka.

Njira imodzi yomwe chibayo chimapusitsira anthu ndi iyi: munthu wadwala fuluwenza masiku anayi kapena asanu, wayamba kupezako bwino, mwina wabwereranso ku zokonzekera, kenaka thupi latenthanso kuposa poyamba, akunjenjemera, makhololo asanduka achikasu, obiriwira kapena ofiirira, ndipo m'nthiti mukubaya akamakoka mpweya. Kudwala kachiwiriku nthawi zambiri ndi mabakiteriya omwe apezerapo mwayi pa mapapo ofooka. Apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Itanani ambulansi kapena thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo mukaona chimodzi mwa izi:

- akupuma ka 30 kapena kuposa pa mphindi, kapena sakutha kumaliza chiganizo osaima kukoka mpweya
- okosijeni wafika pa 92 kapena kutsika
- wasokonezeka mutu, akuyankha zosagwirizana, kapena akuvuta kudzutsa
- m'kati mwa milomo, lilime kapena nkhama zatuwa kapena zachita buluu. Pa khungu lakuda yang'anani m'kamwa, osati pankhope
- akutsokomola magazi, wakomoka, kapena pachifuwa pakupweteka kwambiri
- nambala yapamwamba ya BP yatsika pansi pa 90, kapena tsiku lonse ladutsa osakodza

Pali malire ena apakati omwe sayenera kunyozedwa. Kupuma ka 22 kupita m'mwamba, okosijeni wa 93 kapena 94, kapena kutentha thupi kopitirira masiku atatu, zonsezi zikufuna dokotala lero lomwe. Ngati okosijeni ali 95 kapena kuposa koma mukukayika, muyendetseni masitepe 40 pamalo afulati n'kuyezanso. Akatsika ndi 3 kapena kuposa, mapapo ali ndi vuto lomwe silikuoneka munthu atakhala.

Podikira thandizo, mukhazikeni tsonga ataweramira kutsogolo pang'ono, mumasuleni zovala zothina, ndipo musamusiye yekha m'chipinda. Asayendetse galimoto yekha. Akakomoka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali. Akagwa osayankha, ndipo sakupuma kapena akungokoka mpweya mwa apo ndi apo mokhala ngati akuliza mkonono, mtima waima: yambani kusindikiza pakati pa chifuwa ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kuzama 5 mpaka 6 cm, wina athamangire makina a AED, odzutsa mtima ndi magetsi, ngati alipo.

Mukafika kuchipatala nenani manambala ake a masiku onse. "Mtima wake umagunda ka 48, lero uli pa 90" ndi mawu omwe angasinthe momwe amulandirire. Tchulaninso ulendo wautali waposachedwa, kuvulala, opaleshoni, mankhwala onse omwe akumwa, ndi matenda ena monga shuga, HIV kapena sickle cell. Akapatsidwa maantibayotiki a chibayo, kusintha kuyenera kuoneka pa maola 48 mpaka 72; kukapanda kuoneka abwererenso. Maantibayotiki otsala a mnzake asamwe: sagwira mavairasi, ndipo amasokoneza zoyeza. Fuluwenza ili ndi mankhwala ake, oseltamivir, omwe amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 48 chiyambireni kudwala.

Mphumu pabwalo

Akatswiri ambiri ali ndi mphumu ndipo amapambana nayo. Paula Radcliffe anaswa mbiri ya dziko lonse ya marathon ya akazi ali nayo. Imapha ikanyalanyazidwa. Timapaipi ta mpweya timatupa n'kufinyika, makamaka mumpweya wozizira ndi wouma, m'fumbi, mu utsi, m'madamu osambiramo a chlorine, komanso munthu akangodwala chimfine. Kawirikawiri imavuta pakutha pa kuthamanga kapena mphindi zingapo atasiya.

Ikamugwira, muimitseni, mukhazikeni tsonga, musamugoneke. Gwedezani inhaler ya salbutamol, ija nthawi zambiri imakhala yabuluu, ndipo ngati pali spacer, kachubu kokhala pakati pa inhaler ndi pakamwa, ilumikizeni, chifukwa popanda iyo mankhwala ambiri amathera kukhosi. Apopere kamodzi, akoke mpweya kanayi kapena kasanu kudzera mu spacer, adikire masekondi 30 mpaka 60, apoperenso, mpaka ka 10 ngati kukufunika. Kupopera kangapo nthawi imodzi n'kutaya mankhwala. Ngati sakusintha kapena zikukula, itanani thandizo, ndipo likachedwa bwerezani pakatha mphindi 10. Chifuwa chomwe chinkalira chikangoti zii munthu akubanikabe, musasangalale: ndiye kuti mpweya wasiya kulowa, ndipo imfa ili pafupi. Wokhala ndi peak flow meter, kachipangizo koyeza mphamvu ya mpweya womwe munthu akuuzira, adziwe nambala yake yabwino. Ikatsika pansi pa theka, zavuta kwambiri.

Osewera ena amaopa kupopera chifukwa cha malamulo a mankhwala oletsedwa. Bungwe la WADA, loyang'anira malamulowo pa dziko lonse, limalola salbutamol yopopera mpaka mamaikulogalamu 1600 pa maola 24, osapitirira 600 pa maola 8, ndipo kupopera kamodzi kumakhala 100. N'zoona kuti kupopera ka 10 kumadutsa malirewo, koma malamulo omwewo amalola kupempha TUE, chilolezo chogwiritsa ntchito mankhwala chifukwa cha matenda, pambuyo pake ngati linali thandizo la mwadzidzidzi. Poperani kaye, lembani nthawi ndi kuchuluka kwake, za mapepala zibwera pambuyo.

Amene akugwiritsa ntchito inhaler yabuluu katatu kapena kuposa pa sabata chifukwa chobanika, kapena akudzuka usiku ndi chifuwa, mphumu yake sinagonje. Akufunika inhaler yoteteza yokhala ndi steroid, yomwe imachepetsa kutupa kwenikweniko. Yabuluu imangotsegula njira kwa maola ochepa. Ndipo inhaler malo ake ndi m'mbali mwa bwalo, osati m'chikwama chotsekeredwa m'basi.

Mwendo wotupa ndi phuma ladzidzidzi

Magazi amaundana m'mitsempha yakuya ya mwendo akamayenda pang'onopang'ono, mtsempha ukavulala, kapena akakhuthala. Wosewera amakumana ndi zonse zitatu: maulendo opitirira maola 4 atakhala, chikhakha kapena opaleshoni, kugundidwa, ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Kwa akazi, mapiritsi olerera okhala ndi oestrogen, mimba ndi masabata otsatira kubereka zimawonjezera chiopsezo. Chibulumacho chikathothoka chimadutsa mumtima n'kukatsakamira m'mapapo.

Vuto ndi lakuti zimafanana ndi kukokana kwa mnofu. Kusiyana kwake: katumba wa mwendo umodzi watupa, ndi wotentha, akupweteka osalekeza, ndipo munthu sakukumbuka pomwe anavulala. Yezani ndi tepi miyendo yonse iwiri 10 cm kutsika kuchokera pa kafupa kotumphuka m'munsi mwa bondo. Kusiyana kopitirira 3 cm n'kokayikitsa. Musausisite kapena kuuthowa mwendo wotere, ndipo wopaka mafuta wa timu auzidwe zimenezi momveka. Kwa osambira ndi oponya, zomwezi zimatha kuchitika pamkono. Pakabwera phuma ladzidzidzi, kubaya m'chifuwa pokoka mpweya, mtima kuthamanga, kapena magazi m'makhololo, imeneyo ndi ngozi, ngakhale thupi lisakutentha ndipo okosijeni akuoneka wabwino. Kuchipatala amayeza magazi kuti aone D-dimer, chizindikiro cha magazi oundana, amaunika mwendo, ndi kujambula mapapo ndi CT. Mankhwala osungunula magazi amamwedwa miyezi yosachepera 3, ndipo nthawi yonseyo masewera ogundana ndi oletsedwa chifukwa kugunda mutu kungabweretse kukha magazi muubongo.

Katswiri wa tenisi Serena Williams anapulumuka vutoli mu 2011, ndipo litabweranso mu 2017 atangobereka, anali iye mwini amene anazindikira zizindikiro n'kuumirira kuti amujambule. Chris Bosh wa timu ya basketball ya Miami Heat anapezeka nalo mu 2015, ndipo kubwerera kwa magazi oundana chaka chotsatira kunathetsa ntchito yake. Paulendo wautali imirirani n'kuyendako ola lililonse kapena awiri, gwedezani mapazi muli pampando, imwani madzi.

Palinso phapo lophwa, pomwe mpweya umatulukira pakati pa phapo ndi nthiti. Limachitika munthu akagundidwa m'nthiti, kapena lokha mwa anyamata aatali oonda. Kubaya kwadzidzidzi mbali imodzi pamodzi ndi phuma kukufuna X-ray, ndipo munthu wotere asakwere ndege dokotala asanalole.

Chifuwa chosatha

Chifuwa chachikulu sichinathe ndi nthawi ya Vézina. Bungwe la WHO linati mu 2023 chinapha anthu pafupifupi 1.25 miliyoni. Mwa wosewera chimayamba mobisika: liwiro latsika, thupi likuchepa, thukuta la usiku, chakudya sichikukoma, ndipo onse akuti watopa ndi zokonzekera. Chifuwa chilichonse chopitirira masabata awiri chiyezedwe makhololo. Makina a GeneXpert amapereka yankho m'maola ochepa ndipo amaonetsanso ngati tizilombo tikukana rifampicin, mankhwala amodzi akuluakulu a TB. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi a miyezi 6, ndipo kusiyira panjira chifukwa mphamvu zabwerera ndiko kumabala TB yosamva mankhwala. Mmodzi akapezeka nayo, ogona naye chipinda ndi oyenda naye ayezedwenso.

M'timu matenda amayenda mwachangu chifukwa anthu amagona, kudya ndi kuyenda pamodzi. Wodwala apatsidwe chipinda chake, aliyense akhale ndi botolo ndi thaulo lake, manja asambidwe ndi sopo masekondi 20, mawindo a chipinda chovaliramo atsegulidwe. Katemera wa fuluwenza ndi wa chaka ndi chaka. Mubayitseni pa tsiku lopuma, kutali ndi mpikisano, popeza mkono umatha kuwawa tsiku limodzi kapena awiri. Fodya, wosuta kapena wa vape, amafooketsa chitetezo cha mapapo.

Kubwerera pabwalo

Pambuyo pa chimfine chotentha thupi, dikirani maola osachepera 24 thupi litazizira popanda mankhwala, mtima wa m'mawa utabwerera pa nambala yake, ndipo munthu akutha kuyenda ndi kukwera masitepe osabanika. Chibayo ndi nkhani ina. Kutentha kumatha pa sabata imodzi, kupweteka m'chifuwa ndi makhololo zimachepa pofika masabata 4, chifuwa ndi phuma pofika masabata 6, koma kufooka kumatha kukhalapo miyezi 3, ndipo ena amamva kuti abwereramo pakatha miyezi 6. Wachinyamata wolimba angachire msanga kuposa pamenepa, koma osati pa masiku asanu.

Kwerani pang'onopang'ono poyang'ana mtima. Malire apamwamba a kugunda kwa mtima amayerekezedwa pochotsa zaka za munthu pa 220; wa zaka 25 ndi 195. Masiku awiri oyamba, mphindi 15 zoyenda ndawala kapena kupalasa njinga, mtima osapitirira 70 peresenti, yomwe kwa iyeyu ndi 136. Kenaka mphindi 30 zothamanga pansi pa 80 peresenti, ndiye kuti 156. Tsiku lotsatira mphindi 45 ndi zoyeserera za masewera ake, kenaka masiku awiri a ola lathunthu, ndipo pambuyo pake alowe m'zokonzekera zonse ndi anzake. Pa sitepe iliyonse muyezeni m'mawa wotsatira. Zizindikiro zikabwerera, apume maola 24 n'kubwerera sitepe imodzi m'mbuyo. Koma kupweteka pachifuwa, mtima kudumpha, kukomoka kapena phuma losagwirizana ndi ntchito yomwe akuchita, izi si zobwerera sitepe. Aime ndipo akaonane ndi dokotala.

Wopereka chilolezo chobwerera akhale wachipatala, osati wosewera kapena mphunzitsi, popeza awiriwa onse akufuna chinthu chimodzi pa tsiku la mpikisano. Ndi bwino timu kulemba lamuloli nyengo ya masewera isanayambe, pamodzi ndi manambala a wosewera aliyense, omwe ali ndi mphumu, ndi chipatala chapafupi ndi bwalo lililonse lomwe akaseweremo. Amene anadwala chibayo ndipo chifuwa sichikutha, kapena amasuta, kapena wapitirira zaka 50, akajambulitsenso X-ray pakatha masabata 6 kuti aone ngati phapo layera ndiponso ngati panalibe china chobisala kuseri kwa chibayocho.